Mukafuna kukonza tsiku lopereka magazi, yambirani pa kalendala

Atsogoleri a mipingo ndi a makampani kuno ku Chipata amandifunsa kawirikawiri kuti, "Anesi, tikufuna kupereka magazi, tiyambire pati?" Ine ndimati tiyeni tione kaye kalendala.

Magazi ambiri amene a Zambia National Blood Transfusion Service amatolera amachokera kwa ana a sukulu za sekondale. Sukulu zikatsekera mu Epulo, mu Ogasiti, makamaka mu Disembala, mufiriji mumayamba kuoneka mipata. Tsoka ilo, Disembala ndi dzinja, malungo ali pakalapakala, ana akufika kuchipatala zikhatho zili mbuu, magazi atawathera. Mayi wotaya magazi pobereka sadikira kuti sukulu zitsegulire, ngozi za pa Great East Road nazonso sizidikira. Ndipo magazi sitingakundike ngati chimanga m'nkhokwe: thumba limasungika masiku 35 mpaka 42 basi, pa kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 6. Tsiku la 14 Juni, limene dziko lonse lapansi limathokoza opereka magazi, ndi labwino ndithu, koma mukasankha nthawi ya holide mwatipulumutsa kwambiri.

Mukagwirizana tsiku, kaonaneni ndi a magazi ku Chipata Central Hospital kudakali milungu ingapo, muwauze anthu amene mukuyembekeza kuti akonze matumba ndi antchito okwanira. Inu mupeze chipinda kapena mthunzi wabwino, mipando, madzi akumwa, ndi kamalo kapadera kofunsirana mafunso.

Kamalo kameneka musakapeputse. Tisanalase munthu singano timamufunsa za matenda, za mankhwala amene akumwa, ngakhale za kuchipinda. Ndani angayankhe zoona abwana kapena akulu a mpingo ali chapafupi, makutu ali tcheru? Pa chifukwa chomwecho, musakakamize munthu, musalembenso maina a okana. Wina akabwezedwa, musamuloze zala. Ambiri timawabweza chifukwa magazi awo achepa, sanakwane makilogalamu 50, angodwala kumene malungo, ali oyembekezera kapena akuyamwitsa. Kubwezedwa sikutanthauza kachilombo ayi.

Ntchito yaikulu ndi kuthetsa mantha, ndipo mantha satha ndi chikwangwani. Tonse tinamvapo kuti magazi amapita kwa a satana, kapena kuti abambo akapereka mphamvu zimatha m'nyumba. Musawaseke anthu otere. Aitaneni anesi adzalankhule Lamlungu kapena pa msonkhano wa antchito, anthu afunse mpaka akhutire. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ife timatengako mamililita 450 okha, osakwana theka la lita. Madzi ake amabwerera m'tsiku limodzi kapena awiri, magazi enieni m'milungu yochepa. Thumba lililonse limapimidwa HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndi chindoko, ndipo zotsatira ndi chinsinsi cha mwini wake. Komabe chimene ndaona kuti chimatsegula mitima kuposa mawu anga onse ndi pamene abusa, anyakwawa kapena amanejala akwinya malaya n'kugona pabedi choyamba, anthu akuona.

Cholakwa chimodzi chimandiwawabe. Pa kampani ina tinaiwala kuuza anthu kuti adye. Ena anaganiza kuti zili ngati kupimitsa shuga, anabwera m'mimba muli pululu. Mnyamata wina atangomaliza anadzuka mofulumira, chizungulire n'kumugwetsa. Tinamugoneka, tinakweza miyendo yake, tinamupatsa chakumwa, posakhalitsa anali kuseka. Koma titatembenuka, mzere wonse unali utabalalika. Ndiye lengezani mobwerezabwereza: idyani bwino, imwani madzi ambiri, mukapereka khalani pansi mphindi 15. Kutulutsa magazi kwenikweniko kumatenga mphindi pafupifupi 10 zokha. Onyamula anthu panjinga ndi onyamula matumba ku msika wa Kapata apume tsiku limenelo.

Gulu la magazi lisanalongedze katundu, gwirizanani tsiku lobweranso. Wopereka mobwereza ndiye timamudalira, chifukwa mantha anamutha ndipo umoyo wake timaudziwa. Abambo angaperekenso pakatha miyezi itatu, amayi miyezi inayi. Mukapereka mu holide ya Ogasiti, pofika kumapeto kwa Disembala onse amakhala atakwanitsa nthawi, ndipo ndi mwezi umene wodi ya ana imadzaza.