Sanitayiza ndi chitetezo cha m'thupi mwa ana: mafunso ndi mayankho

Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, botolo la sanitayiza linakhazikika pakhomo la sukulu, la tchalitchi ndi la banki, ndipo lamulo linali lakuti aliyense apake m'manja asanalowe. Mliriwo unazilala, koma makolo ena adakali ndi nkhawa yakuti mwana wozolowera kupaka mankhwalawa amakula ndi thupi losalimba.

Kodi malangizo a zaumoyo amanena chiyani kwenikweni?

Malangizowo amaika madzi ndi sopo patsogolo: manja asambidwe kwa masekondi osachepera 20, makamaka pochoka kuchimbudzi, posintha mwana thewera ndiponso chakudya chisanagwidwe. Sanitayiza ndi wogwirizira pamene madzi ndi sopo palibe. Bungwe la CDC la ku America, loona za kapewedwe ka matenda, limanena kuti sanitayiza wodalirika akhale ndi alikoholo wosachepera magawo 60 pa 100 alionse, pamene njira yopangira imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka imagwiritsa ntchito alikoholo wa mtundu wa ethanol wa magawo 80 kapena wa mtundu wa isopropyl wa magawo 75, kuphatikizapo glycerol woteteza manja kuti asathetheke. Mwana apake chikhatho, kuseri kwa dzanja ndi pakati pa zala mpaka manja aume okha. Akapukutira pa yunifolomu manja asanaume, ntchito yonse yapita pachabe.

Nanga maganizo akuti ukhondo wambiri umafooketsa mwana anachokera kuti?

Maganizowa ali ndi pogwira, koma anapotozedwa poyenda pakamwa pa anthu. Mu 1989, wofufuza za matenda wina wa ku London, David Strachan, anasanthula mbiri ya ana oposa 17,000 obadwa ku Britain mu 1958, ndipo anapeza kuti ana okhala ndi akulu awo ambiri m'nyumba sankavutika kwambiri ndi chimfine chobwera ndi mungu wa zomera. Iye anaganiza kuti matenda amene ana amapatsirana ali aang'ono ndi amene amawateteza. Mu 2003, wofufuza wina, Graham Rook, anakonza ganizoli ponena kuti chimene thupi limasowa si matenda ayi, koma tizilombo tosavulaza timene anthu akhala nato kuyambira kalekale, topezeka m'dothi, pa ziweto ndi m'matumbo mwa munthu.

Kafukufuku wa mu 2016 anayerekeza ana a magulu awiri a alimi a ku America ofanana m'zambiri. Ana a Aamish a ku Indiana, amene makola a ng'ombe ndi akavalo ali pafupi ndi nyumba zawo, ankadwala mphumu mocheperapo kwambiri kusiyana ndi ana a Ahutterite a ku South Dakota, amene amalima ndi makina m'minda ikuluikulu. Ofufuzawo analoza fumbi la m'nyumba za Aamish, lodzaza ndi tizilombo ta kukhola. Nkhani yonseyi ndi ya mphumu ndi ziwengo. Kusamba m'manja sikunaimbidwepo mlandu.

Choncho sanitayiza amachepetsa chitetezo cha mwana?

Ayi. Alikoholo amagwira kunja kwa manja okha ndipo amauluka m'masekondi ochepa, pamene chitetezo chimaphunzira kwambiri m'matumbo ndi m'njira ya mpweya, kudzera m'kubadwa, mkaka wa m'mawere, chakudya ndi masewera a pabwalo. Mwana amene wakhala tsiku lonse akuwumba ng'ombe zadothi ndi kuthamangitsa nkhuku wakumana kale ndi tizilombo tochuluka, ndipo kuyeretsa manja ake asanagwire nsima sikufafaniza zimenezo.

Mawu akuti "musiyeni adwale, alimba" ndi amene ayenera kukayikiridwa. Kutsekula m'mimba kobwerezabwereza kumalanda mwana chakudya cha m'thupi ndipo kumachititsa kupinimbira. Chikuku ndiye chimachita kuwononga chitetezo chimene thupi linapeza kale ku matenda ena, mwakuti mwana amachira ali wosatetezeka kuposa poyamba. Njira yophunzitsira thupi popanda kulipira mtengo wotere ndi katemera wa kusikelo, monga wa rotavirus, kachilombo kotsekula m'mimba, amene Malawi inayamba kupereka mu 2012.

Ndi pati pamene sanitayiza amalephera?

Amalephera pa manja a matope kapena a mafuta, monga a mwana amene wangodya kumene chitumbuwa, chifukwa litsiro limaphimba tizilombo. Sachotsa mankhwala ophera mbozi m'munda. Alibenso mphamvu yokwanira pa tizilombo tina totsekula m'mimba monga norovirus ndi Cryptosporidium, ndiponso pa mazira a njoka za m'mimba, zimene zimafuna sopo ndi madzi oyenda kuti zikokoloke. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, unali nkhani ya madzi akumwa ndi zimbudzi, ndipo kabotolo ka m'chikwama sikangalowe m'malo mwa kolorini mumtsuko.

Chodetsa nkhawa kwambiri, kwa ine, ndi beseni limodzi loyenda pa mkeka nthawi ya chakudya. Agogo ayamba, bambo atsatira, alendo nawonso, ndipo mwana wamng'ono amasamba pomaliza m'madzi otuwa amene asenza litsiro la onse. Ulemu ungasungidwe bwinobwino pothirirana madzi ndi jagi, beseni n'kumangolandira. Mpondagiya wa kachigubu ndi mtengo pafupi ndi chimbudzi, sopo ali pambali, amateteza kuposa sanitayiza wodula.

Kodi sopo wolembedwa kuti amapha tizilombo ndi woposa sopo wamba?

Mu 2016, bungwe la FDA la ku America, loyang'anira zakudya ndi mankhwala, linaletsa triclosan ndi mankhwala ena opha tizilombo ofanana naye mu sopo wosambira m'manja wa pakhomo, chifukwa opanga sanasonyeze kuti amaposa sopo wamba. Chidutswa cha sopo wochapira chikwanira.

Nanga ngozi yeniyeni kwa mwana ili pati?

Ili pa kumwa. Alikoholo wa mu sanitayiza ndi waukali kuposa wa m'mowa wambiri wogulitsidwa m'sitolo, ndipo mitundu ina imanunkhira ngati zipatso, zimene zimakopa kamwana. Kakamwa ngakhale pang'ono, shuga wa m'magazi angathe kutsika, kenako kusinza, kusanza kapena kukomoka. N'chifukwa chake mwana wosakwana zaka 6 ayenera kupakidwa ndi munthu wamkulu, ndipo botolo lisungidwe posafikira, kutali ndi mbaula ndi kandulo popeza limayaka. Mu 2020, FDA inachenjezanso za sanitayiza wina wokhala ndi methanol, alikoholo wapoizoni amene angachititse munthu kusaona kapena kufa, choncho wa m'botolo losalembedwa zimene zili m'kati asagulidwe. Mwana akamwa, musamukakamize kusanza. Pitani naye kuchipatala msanga, mutatenga botololo kuti achipatala awerenge zimene wamwa.