Kodi kutsegula nyumba kuti aliyense aione kumabweretsa wogula?

Lamlungu masana m'misewu ya Johannesburg kapena Cape Town mumakhala zikwangwani zolozera kunyumba zogulitsa. Ejenti wogulitsa nyumba amakhala pakhomo kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka 5, ndipo aliyense wodutsa amaloledwa kulowa. Ku South Africa amati show day, ku America open house.

Amene amapindula kwambiri ndi ejentiyo. Ambiri olowa amakhala anansi ofuna kudziwa mtengo, kapena anthu amene sanapiteko n'komwe kubanki kukafunsa za ngongole. Iye amalemba mayina ndi manambala awo, mawa lake n'kuwaonetsa nyumba zina. Kafukufuku wa bungwe la National Association of Realtors ku America amasonyeza kuti pafupifupi theka la ogula amapeza nyumba yawo pa intaneti, pomwe oipeza chifukwa cha chikwangwani cha pamsewu ndi ochepa zedi.

Kutsegula nyumba kumathandiza pamasabata awiri oyamba, mtengo ukakhala woyenera. Mabanja atatu akakumana m'khichini imodzi, aliyense amaopa kuti mnzake amulanda, ndiye amafulumira kulemba mtengo umene apereke. Koma nyumba ikatha miyezi itatu osagulidwa, kuitsegula Lamlungu lililonse kumangouza anthu kuti mwini wake wapanikizika, ndipo amabwera okonzeka kunenerera. Pamenepo vuto ndi mtengo kapena zithunzi zosaoneka bwino.

Mukasankha kutsegula, mwininyumba chokanipo ndi agalu anu omwe, chifukwa wogula satsegula kabati kapena kuyesa mipope inu mukumuyang'ana. Olandira alendo akhale awiri, wina pageti kulemba ziphaso, wina m'kati. Akuba amabwera awiriawiri: wina amacheza ndi ejenti pabalaza, mnzake ali kuchipinda. Zimene zimasowa kawirikawiri ndi zazing'ono, monga mafoni, mphete, mankhwala, makiyi ndi rimoti ya geti. Anthu akapita yenderani mazenera onse, poti ena amasiya lina losakhoma kuti adzalowerepo usiku.

Musabise chilema ndi penti. Kuyambira 1 February 2022, lamulo la Property Practitioners Act ku South Africa limafuna kuti wogulitsa alembe pafomu zolakwika zimene akuzidziwa, monga denga lodontha kapena khoma long'aluka, ejenti asanayambe ntchito. Mufunseninso ejentiyo akuonetseni Fidelity Fund Certificate yake, chiphaso chomulola kugwira ntchitoyi, chifukwa wopanda chiphasochi saloledwa kulandira komishoni.