Uthenga wa nkhondo unkayenda wapansi ku Tete

Akuluakulu a ku Chifunde ndi ku Macanga akamasimba za nkhondo ya Frelimo, gulu lomwe linkamenyera ufulu wa Mozambique kwa Apwitikizi, sathamangira kutchula mfuti. Amayamba ndi miyendo: ndani ankayenda usiku, ndani ankadziwa pooloka mtsinje.

Frelimo itayambitsanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu Marichi 1968, asilikali ake ankalowa kuchokera ku Zambia, ndipo mawailesi olankhulirana anali osowa. Lamulo la mkulu wa gulu linkalembedwa pakapepala, n'kupindidwa mpaka kuchepa ngati chikhadabo, kenako mnyamata kapena mayi wosenza ufa n'kukalisiya kumsasa wina. Nkhani yoopsetsetsa sinkalembedwa n'komwe. Wamthenga ankailoweza pamtima, chifukwa pepala likagwera m'manja mwa PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi, mudzi wonse unkaona zakuda. (Dzinali linasinthidwa kukhala DGS mu 1969, koma kumudzi anthu ankangoti PIDE basi.)

Apwitikizi anali nazo zonse: mawailesi, mahelikopita, ndege zomwaza timapepala touza anthu kuti achoke kutchire akadzipereke. Komabe mu 1970, pomwe mkulu wa asilikali a Apwitikizi, Kaúlza de Arriaga, ankathira nkhondo ya Nó Górdio ku Cabo Delgado, Frelimo inalimbitsa mphamvu zake ku Tete mpaka kuoloka Zambezi, uku asilikali ambiri a Apwitikizi atamangika polondera damu la Cahora Bassa. Apa m'pamene lamulo losonkhanitsa anthu m'midzi yolonderedwa, ya aldeamento, linakula mphamvu. Pakamwa ankati n'kuteteza anthu. Kunena zoona, kunali kudula miyendo ija.

Koma lamulo lomwe Tete sadzaiwala silinabwere papepala. Pa 16 Disembala 1972, tsiku Loweruka, makomando a Apwitikizi pamodzi ndi anthu a DGS anazinga Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo monga Chawola ndi Juwawu, kumwera kwa mzinda wa Tete. Opulumuka anasimba kuti munthu wa DGS, Chico Kachavi, ankafuula kuti: "Aphani wense!" N'Chinyungwe chimenecho, koma Mchewa aliyense safuna womumasulira. Lamulo linachokera kumwamba m'Chipwitikizi, koma pofika pabwalo la mudzi linatuluka m'chilankhulo cha ophedwa eniakewo. Anthu pafupifupi 400 anatha tsiku limenelo, ena atawatsekera m'nyumba n'kuyatsa moto.

Nkhani ya Wiriyamu nayo inatuluka momwe uthenga unkayendera kutchire, pakamwa ndi pamanja. Ovulala anafotokozera amishoni, ansembe a ku Spain analemba mayina a akufa, mapepalawo n'kuzembetsedwa kunja kwa dziko. Pa 10 Julayi 1973 wansembe Adrian Hastings anaulutsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times, kutangotsala masiku ochepa kuti mtsogoleri wa boma la Portugal, Marcelo Caetano, afike ku London. Boma la ku Lisbon linakanitsitsa. Chipepeso chinabwera mu 2022, kuchokera kwa nduna yaikulu ya Portugal ya nthawiyo, António Costa, ali ku Maputo, patapita zaka pafupifupi 50.