Zinenero zachilendo ndi chinenero chamanja ku sekondale za ku Tete

Mwana wa ku Ulónguè, ku Tsangano kapena ku Furancungo akamalowa kalasi 7, pomwe sekondale imayambira malinga ndi lamulo la maphunziro la 2018, amakhala atanyamula kale zinenero ziwiri. Chichewa, chimene mabuku a boma amachitcha Cinyanja, anachiyamwira kwa amayi ake. Chipwitikizi anachipeza kusukulu, ndipo ana ambiri akumudzi amachimva pang'ono chabe. Chingerezi chikabwera, aphunzitsi amachimasulira m'Chipwitikizi chomwecho. Amalemba pabolodi kuti harvest ndi colheita, mwana nkukopera bwinobwino, koma sakudziwa kuti nkhani yake ndi yokolola, ntchito imene amaigwira chaka ndi chaka kumunda kwawo. Waloweza mawu awiri achilendo popanda tanthauzo, ndipo pakatha mlungu onse awiri amakhala atathawa.

Mankhwala ake ngosafuna ndalama. Tsamba la kope ligawidwe patatu: Chingerezi, Chipwitikizi, Chichewa, ndipo pansi pake mwana alembe chiganizo chake chokhudza zinthu zimene amaziona, monga mbatata, njinga kapena msika. Aphunzitsi ena amaopa kuti Chichewa m'kalasi chimabwezera ana m'mbuyo. Mantha amenewo alibe maziko. Kuno ku Tete ndi kumene boma linayeserako kuphunzitsa ana a pulayimale m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi, kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo pambuyo pake maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu za boma. Mwana amamanga chinenero chatsopano pamwamba pa chimene amaganizira.

Chigawo chathu chazunguliridwa ndi maiko olemba Chingerezi. Ku Zóbuè ndi ku Calómuè mumalowera ku Malawi, ku Cassacatiza ku Zambia, ku Cuchamano ku Zimbabwe, ndipo Mozambique ali mu Commonwealth kuyambira 1995. Pogula ndi kugulitsa pamalire Chichewa chimakwanira. Chingerezi chimafunika pa mapepala a katundu, pa malangizo a makina a m'migodi ya malasha ku Moatize, ndi polemba kalata yofunsira ntchito. Choncho mwana aphunzire kuwerenga ndi kulemba, osangoti moni yekha.

Zolakwa za katchulidwe zili ndi gwero lodziwika. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera pa vawelo, nchifukwa chake book imatuluka ngati buku, desk ngati desiki. Pochotsa chizolowezichi, mwana atchule mawuwo moyandikana ndi ena oyamba ndi vawelo, monga book is, kenako adule is pang'onopang'ono mpaka k atsale yekha. Mavawelo athu ndi 5, a Chingerezi ndi oposa 10, ndiye ship ndi sheep, kapena full ndi fool, zimamveka chimodzimodzi m'khutu la Mchewa. Apa khutu liyambe, pakamwa patsatire: mphunzitsi atchule limodzi mwa mawu awiriwo, ana aloze lomwe amva, kakhumi, asanayese okha. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo, koma light ndi right ndi zinthu ziwiri, monganso caro ndi calo m'Chipwitikizi. Malembo ph ndi th nawonso amasocheretsa. Mwana wozolowera phiri ndi thumba amawerenga phone ndi think mwa njira yomweyo, pomwe ph wa Chingerezi ndi f, ndipo th amafuna nsonga ya lilime pakati pa mano.

Chipwitikizi chimathandiza pa mawu ngati hospital ndi important, koma chili ndi misampha. Push ndi kukankha, pomwe puxar ndi kukoka. Library ndi biblioteca, osati livraria yogulitsa mabuku. Parents ndi bambo ndi mayi, pomwe parentes ndi achibale onse. Mawu otere alembedwe patsamba lawolawo kumapeto kwa kope.

Tiwerengere nthawi. Phunziro limodzi ndi mphindi 45. Kalasi ikakhala ya ana 60, ngakhale mphunzitsi atakhala chete osanena kanthu, mwana aliyense sapeza mphindi yathunthu yolankhula. Njira yokhayo ndi kuwaika awiriawiri kwa mphindi 10 pa phunziro lililonse, onse akulankhula nthawi imodzi, phokoso lake nkulipirira. Kunyumba, mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a usiku woti mawa mayeso. Mawu atsopano akhale 8 kapena 10 patsiku, abwerezedwe mawa lake, pakapita masiku atatu, pakatha mlungu, ndi pakatha mwezi, ataphimba tanthauzo ndi dzanja kuti mutu ufufuze wokha. Wailesi za ku Malawi zimamveka m'madera ambiri a m'malire. Kumvera nkhani m'Chichewa kenako m'Chingerezi tsiku lomwelo kumathandiza kwambiri, popeza nkhaniyo mwana waidziwa kale.

Chifalansa, kumene chikuphunzitsidwa, nchapafupi ndi Chipwitikizi chifukwa zonse zinachokera ku Chilatini: livro ndi livre, escola ndi école. Chovuta ndi malembo akumapeto osatchulidwa, ndiponso maina osintha gulu, monga a ponte kukhala le pont, o mar kukhala la mer. Dzina lililonse lilowezedwe pamodzi ndi le kapena la wake.

Chinenero chimene sukulu zathu zachinyalanyaza kwambiri si chakunja konse. Ndi Língua de Sinais de Moçambique, chinenero chamanja cha anthu ogontha a dziko lino. Ndime 125 ya malamulo aakulu a dziko imalamula boma kukonza njira zoti chiphunziridwe ndi kutukuka, ogontha ali ndi bungwe lawo la ASUMO, ndipo Universidade Eduardo Mondlane imachiphunzitsa. Komabe anthu ambiri amaganiza kuti ndi kungolozaloza, kapena kuti nchimodzi padziko lonse. Cha ku Brazil, chotchedwa Libras, nchina, cha ku Portugal nchina, cha ku Malawi nchinanso. Izi nzofunika chifukwa mwana akafufuza pa YouTube m'Chipwitikizi amakumana kwambiri ndi Libras, nkuloweza zizindikiro zimene mnzake wogontha wa ku Tete sazigwiritsa ntchito.

Chizindikiro chilichonse chili ndi mbali zisanu: kapindidwe ka zala, malo amene dzanja lili, kayendedwe kake, kumene chikhatho chayang'ana, ndi nkhope. Mukasintha imodzi mwasintha mawu, monga kusiyana kwa pala ndi phala. Ongoyamba amalakwitsa kwambiri pa nkhope. Amachita manyazi, nkhope ili gwa, osadziwa kuti nsidze ndi kapendekedwe ka mutu ndi zimene zimasonyeza funso kapena kukana. Cholakwa china ndi kutsatira chiganizo cha Chipwitikizi liwu ndi liwu. Chinenero chamanja chili ndi dongosolo lake: munthu amene mukumunena mumamuika pamalo ena m'mwamba patsogolo panu, ndipo mukalozanso pamenepo aliyense amadziwa kuti ndi iyeyo. Alifabeti ya zala ndi yolembera maina ndi mawu opanda chizindikiro. Wodziwa alifabeti yokha sanayambe kulankhula. Mphunzitsi woyenera ndi munthu wogontha wodziwa bwino chinenerochi, ndipo dzina lanu lamanja amakupatsani ndi ogontha, simudzipatsa nokha.

Ana ogontha oposa 9 mwa 10 alionse amabadwa kwa makolo akumva. Ambiri amakula ndi zizindikiro zapakhomo zokha, za kudya, kugona ndi kutunga madzi, ndipo amafika kusukulu mochedwa opanda chinenero chokwanira. Mwana wotere akalephera kulemba Chipwitikizi, vuto si nzeru. Akuphunzira kulemba chinenero chimene sanachimvepo, alibenso china chochimasulira. Makolo musadalire zoti aziwerenga milomo. Yesani pagalasi kunena pano ndi mano, kapena phala ndi bala, muona kuti milomo ikuchita chimodzimodzi. Kukuwa sikuthandiza, kumangopotoza pakamwa. Ndipo mawu akuti surdo-mudo tiwasiye, chifukwa munthu wolankhula ndi manja si wosalankhula.

M'kalasi muli mwana wogontha, iye akhale kutsogolo cham'mbali kuti aone mphunzitsi ndi anzake omwe, ndipo ngati malo alola mabenchi aikidwe ngati chilembo U. Kuwala kugwe pankhope ya mphunzitsi. Akaima patsogolo pa zenera, nkhope ndi manja zimasanduka mthunzi. Asalankhule akulemba pabolodi atapereka msana. Mwana wakumva amatha kulemba akumvetsera, koma wogontha akaweramira pa kope nkhani yonse yamudutsa, choncho pafunika kufotokoza kaye, kuima, kenako kulemba. Womasulira akakhalapo amatsalira masekondi angapo, ndiye mukafunsa funso dikirani amalize musanasankhe woyankha. Muziyang'ana mwanayo polankhula naye, osati womasulira. Pomuitana mugwireni paphewa mofatsa kapena kupizani dzanja pomwe akuona, osamugenda ndi choko.

Sukulu yopanda womasulira ikhoza kuyamba ndi kagulu ka ana 10 kapena 15, akumva ndi ogontha pamodzi, kokumana kawiri pa mlungu kwa mphindi 30. Mkati mwa mphindizo liwu lisatuluke, chifukwa pakamwa pakangoyamba kugwira ntchito maso amaleka kuphunzira. Mwezi woyamba ukhale wa moni, maina, manambala, masiku a mlungu ndi mawu a m'kalasi monga bwerezani, sindinamve ndi tsamba liti. Otsogolera akhale ana ogontha eni ake, kapena wamkulu wogontha wa m'deralo woitanidwa ndi sukulu.