Chiboliboli cha mtengo sichifuna madzi, ngakhale chikhale cha mulungu

Ife okonza zosemasema timaona vuto limodzi kwa Ahindu amene ali ndi murti (chiboliboli cha mulungu wawo) wa mtengo pakhomo, kaya Ganesha kaya Krishna: amamusamala ngati ndi wamwala kapena wamkuwa. Pa mwambo wa abhisheka amathira mkaka, uchi ndi madzi pa chiboliboli, mwala sudandaula ayi koma mtengo umamwa zonsezo nkufufuma, ukamauma umang'aluka ndipo penti imayamba kusendeka.

Ku Puri, m'boma la Odisha ku India, nkhaniyi anaidziwa kalekale. Pa kachisi wa kumeneko, mulungu Jagannath, m'bale wake Balabhadra ndi mlongo wawo Subhadra onse ndi osemedwa ndi nimu, mtengo womwe uja wadzadza ku Nsanje ndi Chikwawa, ndiye tsiku ndi tsiku ansembe sathira madzi pa iwo, amasambitsa chithunzi chawo chimene chikuoneka pa galasi basi. Kamodzi pachaka, pa chikondwerero cha Snana Purnima, mpamene amawathira mitsuko 108 ya madzi, kenako amawabisa masiku 15 amvekere milungu yadwala malungo, ndipo nthawi imeneyo mpamene amawakonza nkupakanso utoto. Zibolibolizo nazonso zikakalamba amasema zatsopano pa mwambo wa Nabakalebara, unachitika mu 1996 ndi 2015, zakalezo amazikwirira m'bwalo la kachisi momwemo.

Wina anena kuti nanga mulungu Athi Varadar wa ku Kanchipuram, ku India komweko, wosemedwa ndi mtengo wamkuyu, bwanji amakhala pansi pa dziwe zaka 40 nkudzatulutsidwa ngati mu 1979 ndi 2019? Eya, koma ameneyo amakhala m'madzi osatuluka. Chimene chimapha mtengo ndi kunyowa-kuuma, kunyowa-kuuma.

Ndiye panyumba chitani chonchi. Fumbi chotsani ndi kabulashi kofewa kouma, osati kansalu konyowa, ndipo ngati pali penti imene yayamba kutukuka musakhudzepo nkomwe. Chibolibolicho musachiike pawindo pomwe dzuwa la Okutobala limamenya, komanso chisatsamire khoma limene limanyowa nthawi ya dzinja, m'mamyuziyamu amayesetsa kuti chinyezi cha mpweya chikhale cha m'ma 50 peresenti osadumphadumpha. Nyale ya mafuta ndi lubani zitalikireko pang'ono, mwaye wake ukasakanikirana ndi mafuta umamata moti kuuchotsa ndi ntchito ndithu. Nkhata za maluwa zikafota zichotseni tsiku lomwelo.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi mafuta ophikira, anthu amapaka ati chiziwala, mafutawo amasasa, amada, amakoka fumbi. Vanishi wa muhadiweya nayenso ayi, makamaka pa sandalwood, mtengo wonunkhira wa ku Mysuru ku India, amene fungo lake ndilo mtengo wake, mukamutsekera ndi vanishi mwataya ndalama. Ngati chilibe penti, phula pang'ono kamodzi pachaka ndi lokwanira.

Mukaona timabowo ndi kaufa pansi pake, dziwani kuti chikufumbwa. Chipatuleni kwa zinzake msanga. Chaching'ono chosapentedwa mutha kuchimanga bwinobwino mu pulasitiki nkuchiika mufiriza wozizira kufika madigiri mayinasi 20 kwa sabata kapena awiri, potulutsa musamasule mpaka chitafunda chokha tsiku lathunthu. Chopentedwa kapena chomatidwa ndi guluu pitani nacho kwa wodziwa, ndipo mng'alu musathiremo supagulu, mtengo umafuna mpata woti uzifufuma nkubwerera.