Dayilekita ndi pulodyusa, ntchito zake ndi ziwiri

Sabata yatha ndinali ndi kagulu ka achinyamata a zisudzo kuno ku Salima cha ku Kamuzu Road, nditawafunsa kuti dayilekita wanu ndani onse analoza mnyamata amene amasunga ndalama komanso kulipira holo. Ndinawauza kuti ayi ndithu, ameneyo ndi pulodyusa.

Dayilekita ntchito yake ili pa siteji. Amatenga sikiripiti n'kuiwerenga mpaka kuimvetsa, kenako amagawa mapati kuti uyu akhala mfumu, uyu mayi wamasiye, ndiye pa pulakatisi ndi iyeyo amene amakuuza kuti ulowere mbali iyi, apa ima kaye usayankhule, apa kweza mawu chifukwa agogo amene akhala kumbuyo sakumva, ndipo usafulatire anthu oonera. Kulira kwako kukakhala kwabodza amakubweza kakhumi mpaka kumveke kochokera mumtima. Tsiku la sewero iye yake yatha, amangokhala pakati pa anthu mtima uli m'mwamba.

Pulodyusa ndiye wa zonse zimene oonera saziona. Kusaka ndalama, kubukitsa holo, maposita, thiransipoti yopitira ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa, jenereta magetsi akazima, nsima ya osewera, ngakhalenso chilolezo cha ku Censorship Board poti lamulo loona za zisangalalo lilipo kuyambira 1968. Ndi iye amenenso amapeza dayilekitayo.

Ine sindiwadzudzula anawa, kusokonezaku kuli ndi pochokera. Ambirife tinakula tikumvera masewero pa MBC, ndipo pa wailesi amene amatchedwa pulodyusa nthawi zambiri ndi yemweyo amene amawongolera osewera mu situdiyo, ndiye dzinalo linatilowa choncho. Chinanso magulu athu ndi osauka, munthu mmodzi amasenza zonse. Malemu Du Chisiza Jr, amene anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ankalemba yekha, kudayilekita, kusewera, gulu n'kumaliyendetsanso yekha, ndiye aliyense amaona ngati zisudzo zimayenda motero.

Koma Du anali Du abale. Zimene ndimaona ine m'magulu ang'onoang'ono zimandimvetsa chisoni, pulakatisi ili mkati dayilekita watuluka panja ali pa foni kukangana ndi mwini holo, osewera angokhala pansi kudikira, dzuwa n'kulowa sini imodzi osamaliza. Kwina wosunga ndalama uja amayamba kulamula kuti chibwenzi chake chipatsidwe pati yaikulu poti ndalama ndi zake, dayilekita n'kungokhala chete, gulu limatha pa zinthu ngati zimenezi.

Achinyamata aja tinagwirizana kuti mnyamata wa ndalamayo apitirize ntchito yake, amaitha bwino, koma za pa siteji azisiyire mtsikana wina amene ndinamuona akukonza anzake kaimidwe popanda womutuma. Loweruka likubwerali ndikawaonanso.