Ana a matchona ku Zimbabwe ndi nkhani ya unzika

Ku Zimbabwe, kubadwira m'dzikomo pakokha sikupatsa mwana unzika. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amati khanda ndi nzika ngati mayi kapena bambo ake ali nzika, kapena ngati mmodzi mwa agogo ake anali nzika yobadwira komweko kapena yotengera kwa makolo. Mwana ayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 42, ndipo ku ofesi ya kalembera choyamba kufunsa ndi chitupa cha kholo. Mabanja ambiri amene mizu yawo ili ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amabwererera pomwepo. Mayi alibe chitupa chifukwa agogo analibe, ndiye khanda silipeza satifiketi yobadwira, ndipo popanda satifiketi pasipoti n'kulota.

Gwero lake ndi msonkho. Atsamunda atakhazikitsa msonkho wa nyumba ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, ntchito zolipira bwino kunalibe, ndipo anyamata anayamba kutsikira kummwera wapansi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, kukafuna ndalama m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe. Ena ankapita okha. Ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau limene linayamba mu 1903, lija anthu ankalitcha chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Patapita zaka kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipira, kenako bungwe lina lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Ngakhale Kamuzu Banda ali mnyamata anadzera njira yomweyo, nagwirako ntchito pachipatala cha Hartley, kumene lero ndi Chegutu, asanapitirire ku Joni. Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, malire anali ngati palibe, ndipo anthu anachuluka ku Wankie, ku Shamva, m'mafamu a fodya a ku Mashonaland ndi m'makomboni a Salisbury, kumene lero ndi Harare.

Boma la azungu linkawawerengera anthuwa monga mwambi uja, mlendo ndi mame. Linkayembekeza kuti akatha mphamvu abwerera kwawo, choncho silinawapatse malo kumidzi kapena kulabadira zolembetsa ana awo. Koma ambiri anachona. Anakwatira komweko, anamanga mizikiti ndi matchalitchi, anatulutsa gule wamkulu m'mafamu, ndipo ana awo anakula akulankhula Chishona pabwalo, Chichewa kapena Chiyao m'nyumba. Eni nthaka ankawatcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthu atachokera ku Dedza kapena ku Mangochi. Chofunika kukumbukira n'chakuti ambiri anachoka dziko la Malawi lisanakhalepo. Pepala limene anali nalo, ngati linalipo, linali chiphaso cha ntchito cha atsamunda.

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, malamulo ake ankalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri. Mu 1983 chilolezocho chinachotsedwa, ndipo lamulo la unzika la 1984 linati amene ali ndi unzika wina aukane pamaso pa akuluakulu a boma la Zimbabwe. Cholinga chinali pa azungu okhala ndi mapasipoti a Britain, ndipo ogwira ntchito m'mafamu ambiri sanamve n'komwe kuti kuli lamulo lotero.

Zinthu zinafika poipa ndi ndale za 2000. Mu February chaka chimenecho boma la Robert Mugabe linagonja pa referendamu ya malamulo atsopano, kulanda mafamu kunayamba, ndipo chipani cholamula cha ZANU-PF chinkaona antchito a m'mafamu ngati mavoti a chipani chotsutsa cha MDC. Mu 2001 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika. Tsopano kukana pamaso pa boma la Zimbabwe sikunakwanenso: munthu ankayenera kukana unzika winawo motsatira malamulo a dziko linalo, ndipo anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yokha, yothera pa 6 January 2002, kutangotsala miyezi iwiri kuti chisankho cha pulezidenti chichitike. Mkulu wa kalembera wa nthawiyo, Tobaiwa Mudede, anatanthauzira lamuloli mokhwimitsa kwambiri, kuti likukhudza aliyense amene angathe kupempha unzika wa dziko lina chifukwa cha kholo lake, ngakhale sanaupemphepo.

Taganizani munthu wobadwira pafamu ku Banket, amene sanapondepo ku Mwanza, akuuzidwa kuti apite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare akakane unzika umene sanakhalepo nawo. A kazembe angamulembere bwanji kalata yokana, pamene m'mabuku awo mulibe dzina lake? Ndalama yoyendera analibe, famu inali italandidwa, ndipo tsiku linadutsa. Anthu otere anatsala ndi zitupa zolembedwa kuti "alien", kutanthauza mlendo, ndipo ambiri anachotsedwa m'kaundula wa ovota. Mlandu umene unamveka kunja unali wa Judith Todd, mwana wa nduna yaikulu yakale ya Southern Rhodesia, Garfield Todd, amene anamanidwa pasipoti chifukwa bambo ake anabadwira ku New Zealand. Iye anali ndi maloya ndi atolankhani. Mdzukulu wa mtchona analibe womulankhulira, ndipo ine ndimaona kuti amene anapweteka kwambiri ndi lamuloli ndi iyeyo.

Mu 2003 boma linafewetsako pang'ono kwa obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo anabwera kudzagwira ntchito kuchokera m'mayiko a SADC, koma ankafunikabe kudzaza mafomu ndi kuonetsa mapepala omwe ambiri analibe. Kenako mu 2005 kunabwera Murambatsvina, boma likugwetsa nyumba m'matauni n'kumauza anthu kuti abwerere kumidzi kwawo. Wa ku Mbare, komboni ya ku Harare, amene agogo ake anachokera ku Ntcheu analibe mudzi wopitako.

Malamulo a 2013 ndiwo anakonza nkhaniyi papepala. Ndime 43 imati aliyense wobadwira ku Zimbabwe malamulowa asanasindikizidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala ku Zimbabwe pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa nayo. Chaka chomwecho khoti la malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, linagamula kuti nzika yobadwa nayo ikhoza kukhalanso ndi unzika wina. Ndiye kuti khanda lobadwa lero kwa mdzukulu wa mtchona ndi nzika ndithu. Vuto ndi umboni. Kholo liyenera kutsimikiza kuti linabadwira m'dzikomo, pamene linabadwira m'komboni ya pafamu, azamba anamwalira kalekale, ndipo mwini famu amene ankasunga mabuku anachoka. Lipoti la Amnesty International la 2021 linatchula chiwerengero cha bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 ku Zimbabwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, kuphatikizapo ana a anthu amene anaphedwa ndi asilikali a boma ku Matabeleland m'ma 1980, pa nkhanza zotchedwa Gukurahundi. Mwana wopanda satifiketi amavutika kulemba mayeso a boma, ndipo akakula n'kubereka, wake amayambiranso pomwepo.

Ku Malawi nakonso chitseko sichinali chotsegula. Lamulo la unzika la 1966 linkaletsa munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri mpaka pamene Nyumba ya Malamulo inalisintha mu December 2018. Kusinthako kunathandiza Amalawi a ku Britain, America ndi South Africa amene ali kale ndi mapasipoti ndipo akufuna kuti ana awo akhale ndi awiri. Koma wobadwira kunja amatenga unzika wa Malawi kudzera mwa kholo limene ndi nzika, ndipo ayenera kuonetsa mapepala a khololo ndi mudzi wake. Kwa banja limene linachoka ku Nyasaland m'ma 1940, chotsala nthawi zambiri ndi dzina la boma ndi la mfumu imene inalowa m'manda kalekale.